Bafa la Ada Enos Manda

Ada Enos Manda anali munthu waukhondo wotopetsa. Ndikunena izi ine amene ndimadyera kuchapa, pakuti ntchito yanga ndi yochapa nsalu zogonera alendo pa loji ina kuno ku Chintheche. Ndinachoka kwathu ku Dedza m'chaka cha 2009, ndipo malo oyamba amene ndinapeza anali kanyumba ka kuseri kwa nyumba yawo, kamene kanangokhala kopanda munthu chimwalirireni akazi awo. Tsiku lofika, bamboyu sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana kolala ya bulauzi yanga, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi simbi ya makala. Anandipatsa simbiyo, ndipo ine ndinapsa mtima tsiku lonse.

Kwathu ndine Naphiri, koma iwo anandisandutsa Anyaphiri mwa Chitonga chawo, ndipo dzinalo linandimatirira. Inenso ndinaphunzira kuwatchula Ada, monga amaitanidwira bambo aliyense wamkulu kuno. Ali mnyamata anapita ku Bulawayo, kumene anaperekera zakudya m'hotela zaka makumi awiri ndi zitatu. Anabwerako ndi sutikesi yodzadza malaya oyera komanso khalidwe losita ngakhale kansalu kopukutira thukuta. Atafika kumudzi anayamba kusoka maukonde. Ndiye muone munthu pansi pa mtengo wa mango, ukonde wonunkha usipa uli pamiyendo, iye ali m'malaya oyera opisira bwinobwino. Ana awo awiri anali ku Joni. Wamkazi, Mavis, ankaimba foni pa Khirisimasi, ndipo wamwamunayo ankatumiza moni kudzera mwa Mavis.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti pakhomo pa munthu waukhondo choteroyo panalibe bafa. Nditafunsa anandiseka. "Anyaphiri, madzi onsewa Chiuta anatipatsa, ine ndizisamba m'ndowa ngati mbale?" Anthu a m'mbali mwa nyanja kuno amasamba kunyanja. Akazi tili ndi malo athu, amuna ali ndi doko lawo kuseri kwa miyala, ndipo wina saponda kwa mnzake. Kudoko la amunako n'kumene nkhani zimayambira: wadwala ndani, ukonde wa yani wang'ambika, mlaliki wa Sabata latha anatalikitsa pati. Nkhani zambiri za mpingo zimakhala zitatha kale m'madzimo, kumsonkhano amangokatsimikiza.

M'mawa uliwonse, dzuwa lisanatenthe, pamsewu pankamveka likhweru. Amenewo anali Ada Ackson Longwe, mnzawo wa paubwana, msodzi wopuma, wamfupi, wolongolola, amene simbi ankangoionera kwa anzake. Ada Enos ankatuluka thaulo lili paphewa, sopo ali m'kabokosi, n'kumatsetsereka limodzi. Kudokoko ankakhulana kumsana, n'kukhala pamwala mpaka kuuma, kenako aliyense n'kulowera kwake. Kwa munthu wopanda mkazi ndi ana pakhomo, ola limenelo ndilo linali banja lake. Pochokera kumeneko Ada Enos ankakhala ndi nkhani zondiuza za tsiku lonse, ndifune ndisafune.

Matenda anabwera mu Juni 2012, mwera ukuwomba. Anayamba kumva kupweteka m'munsi mwa mimba, chakumanzere, thupi n'kumatentha. Iwo anati ndi kondowole wa dzulo wawamanga m'mimba. Ada Ackson anavomereza, ndipo anabweretsa botolo la mankhwala a mizu otsegula m'mimba. Ada Enos anamwa tsiku loyamba, anamwa lachiwiri. Ine ndinatchula za chipatala, koma ndani angamvere mkazi wa ku Dedza pa nkhani ya kondowole? Tsiku lachitatu likhweru silinamveke, chifukwa Ada Ackson anali atapita kumaliro ku Limphasa. Nditaona kuti chitseko sichikutseguka ndinalowa. Ndinawapeza atagona chagada, akuopa ngakhale kutsokomola, mimba itauma gwa ngati thabwa.

Kuchipatala cha pafupi sanachedwe nafe. Anawaika diripi n'kutitumiza ku Nkhata Bay, a ku Nkhata Bay n'kutikweza ambulansi ya ku Mzuzu. Anesi atafunsa kuti wodikirira wodwalayu ndani, ndinacheuka, ndipo kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Umo ndi mmene ndinakhalira gadiyani wa bambo amene si m'bale wanga, nditavala masilipasi ochapira.

Dokotala wa opaleshoni anali mayi wochepa thupi, wolankhula mosathamanga. Anajambula matumbo papepala. Anati munthu akamakula, khoma la thumbo lalikulu nthawi zina limatuluka timatumba ting'onoting'ono, ndipo ambiri amakhala nato osadziwa n'komwe. Koma kamodzi kakatupa n'kuchita mafinya, ndiwo matenda amene m'kabuku ka Ada ka kuchipatala analemba kuti daivetikulaitisi, dzina limene linanditengera sabata kuti ndilitchule. Anati tikanabwera tsiku loyamba, mwina mankhwala a m'diripi okha akanakwanira. Chikanakhala chithupsa chimodzi, akanachikhetsa ndi kapaipi. Koma apa kathumbako kanali kataphulika, zoipa zili mbwee m'mimba monse, ndipo panalibe kuchitira mwina koma kutsegula tsiku lomwelo.

"Tidula mbali yowonongekayo," anatero dokotala. "Tikatero pali njira ziwiri. Titha kulumikiza matumbo pompo. Koma m'mimba mukakhala mafinya ambiri, polumikizapo patha kuphwasuka pakapita masiku, ndipo pa msinkhu wanuwu simungapirire kawiri. Njira ina ndi yotulutsira thumbo pamimba apa, chimbudzi chizigwera m'thumba la pulasitiki, kumunsiko titseke. Mukachira, pakatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, titha kudzalumikiza."

Ada Enos anatsinzina. "Chimbudzi pamimba? Ine? Ndikhumba cha. Sindifuna, adokotala. Sokani basi."

"Ndikaona mmene muliri m'katimo. Ngati n'kotheka ndisoka. Koma mundilole kuti zikavuta ndichite njira yachiwiriyo."

Ada anayang'ana matumbo a papepala aja. Kenako anati, "Nanenso ukonde ukavunda sindisoka, ulusi umangong'amba. Ndamva, adokotala." Anasaina dzina lawo ndi zilembo zopendekera za kusukulu ya mishoni. Analowa cha m'ma wani koloko masana, n'kutuluka cha m'ma folo. M'mawa mwake atatsitsimuka bwino, dzanja lawo linayenda pansi pa bulangete, linafika kumanzere kwa mchombo, n'kuima. Sanalire. Anandikodola ndi chala.

"Anyaphiri, ichi mwachiona inu ndi anesi. Munthu wa ku Chintheche asamve. Lumbirani."

"Ngakhale Ada Ackson?"

"Makamaka Ackson. Ndi miyezi sikisi yokha. Akatseka ndibwerera kunyanja ngati palibe chinachitika."

Ndinalumbira. Miyezi sikisi inaoneka yochepa, ndipo munthu amene wangopulumuka kumene sumukaniza kanthu.

Tsiku lachinayi chichitireni opaleshoni Ada Ackson anatulukira m'wodi atanyamula phava la nthochi, akupuma wefuwefu chifukwa anali atasochera m'chipatala chonse. Atangowaona pakhomo, Ada Enos anakokera bulangete mpaka m'khosi. Mnzawoyo anafuna kukhala pamphepete pa bedi, iwo anati anesi amaletsa. Anafuna kuona bala, iwo anati lamangidwa. Anacheza mphindi khumi, Ada Enos n'kunamizira tulo. Ndinawaperekeza Ada Ackson mpaka pageti, ndipo njira yonse ankangothokoza Chiuta kuti mnzawo ali moyo. Tsiku limenelo sanaganize choipa chilichonse.

Opaleshoni inayenda bwino, ndisaname. Bala linachita mafinya pang'ono, analitsuka, linapola. Nesi wina anatiphunzitsa kusintha thumba, ndipo Ada anaphunzira tsiku limodzi kuti ine ndisamagwirepo. Patatha masabata atatu tinabwerera kunyumba. Anthu a mpingo anabwera ndi nyimbo, ufa ndi nsomba, Ada anawalandira atakhala pampando, malaya atawatulutsa kunja kwa thalauza koyamba m'moyo wawo. Onse anauzidwa kuti anali matumbo, ndipo anawasoka. Sabata yotsatira Ada anaitana munthu wa ku Kande, osati wa m'mudzi mwathu, kuti amange bafa la udzu kuseri kwa nyumba.

Likhweru linabwerera, ndipo wotuluka ndinali ine. "Agona, Ada." Mawa lake: "Adokotala anawaletsa madzi ozizira." Mkuja: "Bala silinapole." Mabodza anandithera mwezi usanathe, koma Ada Ackson anapitiriza kuima pamsewu, kuimba likhweru kawiri, kudikira pang'ono, n'kutsetsereka okha. Masana akabwera kudzacheza, Ada Enos ankawaikira mpando patali, mbali imene mphepo ikuchokera, mayankho n'kukhala "eya" ndi "yewu," ndiye kuti zikomo, basi. Thumba lija silichenjeza. Limatha kulira pakati pa nkhani, ndiye Ada ankangokhala tcheru kumvetsera mimba yawo m'malo momvetsera mnzawo. Posakhalitsa ankadzuka n'kunena kuti atopa.

Kutchalitchi anachoka kutsogolo kumene ankakhala ndi madoda anzawo, akuluakulu a mpingo, n'kumakhala pabenchi lakumbuyo pafupi ndi khomo. Ankatuluka nyimbo yotsekera isanathe. Maukonde anayamba kuwalandira kudzera mwa ine. M'mudzi munamveka kuti Manda wayamba kudzimva, wamanga bafa ngati mzungu. Ena ankati mkazi wa ku Dedza uja wawadyetsa kanthu. Zimenezo ndinazimva ndili pamjigo, ndipo ndinayankha mawu amene sindingalembe pano.

Matumba enieni aja sapezeka m'sitolo za pa Chintheche. Akatha tisanapite ku Mzuzu, tinkagwiritsa ntchito mapepala apulasitiki a shuga, omangidwa ndi lamba wa nsalu amene ndinawasokera. Khungu linkasupuka, koma sankadandaula. Ankasamba katatu patsiku m'bafa muja, madzi a m'ndowa. M'mawa ndinkawaona ataima m'menemo, mutu wokha ukuoneka pamwamba pa udzu, akuyang'ana kumene kunkachokera phokoso la amuna akuseka m'madzi. Kunena zoona, fungo limene ankaliopalo ine sindinkalimva kawirikawiri. Linali m'mphuno mwawo.

Miyezi sikisi itakwana tinapita ku Mzuzu, Ada atavala tayi. Anawayeza n'kupeza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Anawapatsa mankhwala, abwerenso pakatha miyezi itatu. Tinabwereranso, zinali chimodzimodzi. Ulendo wachitatu dokotala uja anawakhazika pansi n'kutseka chitseko. Anati mtima wawo wafooka, ndipo opaleshoni yolumikiza si yaing'ono monga anthu amaganizira. Amatsegulanso mimba yonse, kumasula matumbo amene amatirirana, n'kufunafuna mbali imene inatsekedwa ija. Polumikizapo pakadontha, ndi mtima umenewo sangadzuke. Anati alipo ambiri amene amakhala ndi thumba moyo wawo wonse, amalima, amayenda maulendo, ngakhale kusambira amasambira.

"Kusambira?" anafunsa Ada.

"Thumba likamatidwa bwino, madzi salowa. Mutha kusamba kunyanja mawa lomwe."

"Pamaso pa anthu?"

Pomwepo Ada anadzuka n'kuthokoza dokotalayo. Tinakwera minibasi yobwerera, n'kufika pa mphambano ya ku Nkhata Bay. Pamenepo anavula tayi, anaipinda bwinobwino, n'kuiika m'jekete.

Anayesa kamodzi kupita kunyanja. Linali Lachitatu masana, nthawi imene kudoko kumakhala kopanda anthu. Ndinawaona akutuluka thaulo lili m'chikwama, osati paphewa, ndipo mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Sipanathe theka la ola, anali atabwerako tsitsi lili louma. Anati anapeza asodzi awiri akukonza bwato pamchenga, anawapatsa moni, n'kuwafunsa ngati ali ndi ukonde wofuna kusoka. Thaulo analibweza pachingwe ndipo sitinaikambenso nkhaniyo.

Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapeza Ada Ackson akundidikira pamsika. Anavula chipewa, chinthu chimene sanandichitirepo.

"Anyaphiri, ndiuzeni chilungamo. Ndi munkhwala wangu uja, eti? Ndinatsala pang'ono kumupha mnzanga ndi botolo lija, ndiye sakufuna kundiona."

"Ayi, Ada. Adokotala anati matendawo anali atayamba kale. Cholakwika chinali kuchedwa, ndipo tinachedwa tonse."

"Nanga n'chiyani? Kuyambira tili ana tikusamba limodzi. Ngati ndamulakwira anditukane, ndimva. Koma ichi cha 'yewu, yewu' chikundipweteka ukongwa, kwambiri zedi."

Mawu anafika pakamwa panga, ndinawameza. Ndinati sindikudziwa, ndipo ndinaona kuti sanandikhulupirire.

Nditafika kunyumba ndinawalalatira Ada Enos ngati mwana. Ndinati mnzawo akuonda ndi mlandu umene sanapalamule. Ndinati ine ndatopa kukhala chitseko chawo, ndipo ukhondo wawowo wasanduka nkhanza. Anandimvetsera ali chikhalire, singano ya ukonde ili m'manja.

"Ackson pakamwa pake n'pobowoka," anatero. "Akadziwa lero, mawa doko lonse ladziwa. Sadzaseka, ndikudziwa. Adzandimvera chisoni. Ndikalowa m'madzi adzayamba kusunthira uko mwaulemu, mmodzimmodzi. Chimenecho ndicho sindingachipirire, Anyaphiri. Mukamuuze kuti munkhwala wake ulibe mlandu."

"Ndawauza kale. Kawauzeni nokha."

"Ndidzamuuza."

Sanawauze. Ndipo ine, wolongolola ine, ndinasunga lumbiro langa. Anthu amayamikira munthu wosunga chinsinsi, koma ine ndikakumbukira ndimachita manyazi. Ndikanangonena pamsika paja, Ada Enos akanandikwiyira mwezi umodzi, mwina kundithamangitsa m'kanyumba kaja, n'kuthera pomwepo. Ndinaopa, ndipo madoda awiri anakalamba aliyense payekha, nyumba zawo zili pa mtunda woti ukakuwa wina amamva.

Chaka chachitatu likhweru linasiya. Ada Ackson ankadutsabe pamsewu nthawi yomweyo, koma mwakachetechete, maso ali kutsogolo. Ada Enos ankaidziwa nthawiyo. Ankaima pawindo, kuseri kwa katani, mpaka mnzawo atapitirira. Mavis anaimba foni pa Khirisimasi, anauzidwa kuti zonse zili bwino. Chakudya anayamba kudya chochepa kuti thumba lisadzadze msanga, ndipo malaya oyera aja anayamba kuwakulira. Tsiku lina anandifunsa ngati n'zotheka munthu kupempha kuti akafere kuchipatala, kuti akamusambitse anthu osamudziwa. Ndinawauza kuti asiye zopusa, n'kutuluka panja kukalira.

Anamwalira mu Okutobala 2015, masana kukutentha, atakhala pampando wawo. Mtima unangoima. Ine ndinali kuntchito, anandiitana ndi anansi. Pofika ndinapeza atawalowetsa kale m'nyumba, azimayi ayamba kulira pakhonde. Kuno mwamuna amasambitsidwa ndi amuna anzake, ndipo panalibe wofunsa kuti atsogolere ndani. Ada Ackson anafika ndi madoda awiri a mpingo, atanyamula beseni.

Ndinawatchingira pakhomo. "Ada, musanalowe, pali chinthu choti ndikuuzeni."

"Munali ndi zaka zitatu zoti mundiuze," anatero osandiyang'ana. Anandilambalala n'kutseka chitseko.

Ndinakhala pansi pakhonde nditatsamira khoma. Ndinamva madzi akuthiridwa m'beseni, mawu apansipansi, kenako zii. Patapita kanthawi chitseko chinatseguka, madoda awiri aja anatuluka akuyang'anana. Pambuyo pake ndinamva kuti iwo sanaone kanthu. Ada Ackson anangomasula mabatani awiri a m'munsi, n'kuwamanganso, n'kuwauza kuti akadikire panja.

Kenako anasuzumira pakhomo n'kundiitana ndi dzanja. Ndinayandikira.

"Ndi ichi chokha?" ananong'ona.

"Ndi chimenecho, Ada."

"Palibe china? Sanakwiye nane?"

"Sanakwiyepo ngakhale tsiku limodzi. Ankakuonerani pawindo m'mawa uliwonse."

Anagwira chitseko ndi manja onse awiri. Ndinaganiza kuti agwa. Koma anapuma mwamphamvu n'kunena kuti, "Pali thumba lina latsopano? Ili ladzadza. Munthu uyu sangapite chonchi."

Linalipo limodzi lenileni, la kuchipatala, limene Ada ankasungira ulendo wa ku Mzuzu. Ndinakalitenga. Ndinawafotokozera ndili kunja kwa chitseko mmene amachotsera lakalelo, mmene amapukutira khungu, ndi mbali imene imayang'ana pansi. Anandibwerezetsa kawiri, n'kutseka.

Ntchito ya anthu atatu anaigwira okha, ndipo inatenga nthawi. Azimayi anaimba nyimbo ziwiri, n'kuyamba yachitatu. Pakati pa nyimbozo ndinkawamva m'katimo akulankhula Chitonga mokweza, akumukalipira mnzawo, kumutchula chitsiru, kuima pang'ono ngati akudikira yankho, n'kuyambiranso.